Nkhalamba ya M'nyimbo ya Yona

"Mwana uyu mukumuononga ndinu, NyaHarawa," anatero a Pearson Luhanga akutsamiritsa njinga pakhoma, yunifolomu ya umesenjala idakali m'thupi. "Ndadutsa pachigafa paja. Amuna anayi, ndevu kuti bii, akugwedeza mapewa ngati atsikana, wina akuimba ndi timawu ta khanda. Ndipo wowaombera m'manja ndi mkazi wanga."

NyaHarawa anapitiriza kusadzula nkhwani. Anawakumbutsa amuna awo kuti akhala akuphunzitsa kwaya ya kutchalitchi zaka makumi awiri, koma sanamvepo dandaulo. Kuimba nkuimba basi, ndipo mwana wawo Yona sikuti wasiya ntchito yake yopala matabwa ku boma.

A Pearson anati za kutchalitchi ndi zina. Anatchula tsitsi la Yona lomwe linali litakula ngati chisa, nati anyamata a chipani akadzamupeza pamsika adzamumeta ndi phale la botolo. Anatchulanso ntchito yawo. Kuofesi kumene ankagwira, munthu wa kumpoto ankayenda ngati waponda mazira, ndipo kunatsala zaka zitatu zokha kuti apume.

"Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu," anatero.

"Nanga wadya nkhuyu yanji? Waba? Waledzera? Tsitsilo ndimumeta ndekha mawa, koma pakamwa pake sindisokapo."

A Pearson analowa m'nyumba. Munali mu Juni, chaka cha 1979, kuzizira kwa ku Rumphi kutayamba kuluma.

Zonsezi zinadza ndi mbale imodzi ya nyimbo. Mlongo wawo wa NyaHarawa anabwera nayo kuchokera ku Kitwe pamodzi ndi gumbagumba ya mabatire, ndipo pobwerera anazisiya. Pachikuto chake panali anyamata akuda a ku Amereka, ovala zofanana, akumwetulira ngati sanaonepo njala. Yona, yemwe anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, anaimvera mbaleyo mpaka singano inatha. Anaitana Horace, mwana wa bambo ake aakulu a Simeon, ndi anzake awiri, Laws telala ndi Hezron wa kuchigayo. Madzulo alionse akaweruka ankakumana m'chigafa chakale cha fodya kuseri kwa nyumba. Ku boma kunali kutalengezedwa mpikisano wa oimba, ndipo opambana akatengedwa kupita ku Mzuzu kuti a wailesi akawajambule mawu.

Masiku oyamba NyaHarawa ankangowamvera ali kukhitchini. Onse anayi ankakuwa mzere umodzi, aliyense kufuna kuposa mnzake, mawu a Chingerezi akungowatafuna. Tsiku lachitatu analephera kupirira. Anapukuta m'manja, nalowa m'chigafamo, nati aikenso mbale ija. Anaimvera katatu maso ali chotseka. Kenaka anawauza kuti anyamata a pambalewo sakuimba chinthu chimodzi: wina ali pamwamba, awiri ali pakati, wina akuguguda pansi, monga mmene iwo anaphunzirira ali mtsikana ku Livingstonia. Anang'amba pepala la thumba la simenti nalemba do, re, mi ya aliyense ndi khala.

Sanali mphunzitsi wachifundo. Ankawaimika mozungulira, mitu itagundana, aliyense atatseka khutu limodzi. Ankati amene akudzimva yekha ndiye kuti akukuwa. Ankawagwira pamimba kuti aone ngati mpweya ukuchokera kumeneko, ndipo wokweza mapewa popuma ankalandira chikoti cha phesi. Hezron anali ndi mawu ngati ng'oma, koma potembenuka pa masitepe ankapita kumanja anzake akupita kumanzere, mpaka tsiku lina anadziguguda pamzati. Laws ankathamanga ngati wasiya mphika pamoto. Horace anali ndi khutu labwino koma wamanyazi. Yona ndiye ankakwera pamwamba, ndi mawu aang'ono osalala amene ngakhale mayi ake sankadziwa kuti ali nawo. Mabatire akatha ankawayanika padzuwa, nkumaimba opanda mbale. Pakutha pa sabata ziwiri, mawu anayi aja anayamba kumatana, moti amayi opita kudambo ankaima panjira mitsuko ili pamutu.

Lamulo la mpikisano linali lakuti gulu lililonse libwere ndi nyimbo yakeyake, ndipo ikhale ya Chichewa chifukwa pawailesi sipankamveka Chitumbuka. Yona sanavutike kupeza choti aimbe. Chinali chikumuwawa kale.

Kutsidya kwa mtsinje kunali mtsikana wina, Dora, amene anagwirizana ndi Yona kuti adzakwatirana akadzapeza zida zakezake za ukalipentala. Mudzi wonse unkadziwa. Koma chimanga chitangolowa m'nkhokwe, a Simeon, mkulu wawo wa a Pearson, anatumiza mawu kwa makolo a Dora kuti akumufuna akhale mkazi wawo wachiwiri. A Simeon anali atapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi. Anali ndi khola lodzaza ng'ombe, komanso anali tcheyamani wa nthambi ya chipani m'deralo. Bambo ake a Dora sanakane.

Nyimboyo anaipeka awiri, Yona ndi Horace, yemwe ankaona mayi ake akulira kuseri kwa nkhokwe kuyambira tsiku limene nkhaniyo inamveka. Inkati:

Nkhalamba iwe, unadya zako kalekale,
ukuthyoleranji chimanga chosakhwima?
Mano ulibe, koma ukuti munda wonse ngwako,
nanga ife ana tidzadya chiyani?

NyaHarawa ataimva koyamba anaseka mpaka misozi. Kenaka anati asinthe mawu ena, chifukwa munthu wamkulu sachititsidwa manyazi pagulu.

"Amama, ndatchula dzina la munthu?" anafunsa Yona.

Anali asanatchule. Ndiponso nyimboyo inali yokoma kwambiri, makamaka pamene atatuwo ankatsikira pansi nkumusiya Yona yekha m'mwamba akufunsa za chimanga. NyaHarawa anakonza mzere wa Hezron, nailola ipite momwemo.

Anaiyesa pagulu Loweruka lina, mpira utatha pabwalo la sukulu. Anavala malaya obiriwira ofanana amene Laws anasoka. Anayamba ndi kuliza zala, masitepe awiri uku, awiri uku, ndipo Hezron anatembenukira koyenera. Atsikana anakuwa. Koma atafika pa mawu akuti mano ulibe, bwalo lonse linatembenukira kumpando umene panakhala a Simeon, chikoti cha mvuu chili pamiyendo. Anthu anaseka, ena mobisa, ena osabisa. A Simeon nawonso anamwetulira, naomba m'manja kawiri. Pofika Lolemba ana a sukulu ankaiimba popita kukatunga madzi.

Lachitatu madzulo a Simeon anafika pakhomo pa mng'ono wawo. Anapereka moni kwa aliyense, anafunsa za mwendo wa a Pearson umene unkawavuta, namwa tiyi makapu awiri. Anayamikira NyaHarawa kuti ana aja awaphunzitsa bwino chomene. Atatero anaika kapu pansi.

"Ena akuti nyimbo ija ikunena ine. Ndawaseka. Ine mano ndili nawo, onani. Munda wanga ndi maekala asanu, ndipo sindinanenepo kuti minda yonse njanga. Ndiye ndakhala ndikudzifunsa, mulamu, kuti m'dziko muno munthu wachikulire amene munda wonse uli m'manja mwake ndi ndani?"

Pakhoma, pamwamba pa mutu wa a Simeon, panali chithunzi cha mwini dziko chimene nyumba zambiri zinkapachika, ndipo aliyense anayesetsa kuti asayang'aneko. Yona anatsegula pakamwa, koma bambo ake anamuponda phazi.

Mlendo atachoka, a Pearson anatembenukira kwa mwana wawo. Analamula Yona kuti mawa lomwe akagwade kwa bambo ake aakulu, akapepese, ndipo dzina la Dora aliiwale. Yona anati kupepesa apepesa, koma bambo akewo akudziwa bwino lomwe kuti nyimboyo ikunena ndani, bwanji osapita kukanena zoona? A Pearson anati khoswe akakhala pamkhate sapheka: a Simeon ndi mkulu wawo, ndiwo anawalipirira sukulu, ndiponso ndi chipani. Kuwatsutsa nkuphwanya mkhate wonse.

"Ndiye mwana wanu alowe m'moto kuti mkhate usasweke?" anafunsa NyaHarawa.

"Moto umenewu mwaukoleza ndinu. Ine ndinanena."

Mawu amenewa anawalowa NyaHarawa mpaka m'mafupa, chifukwa mbali ina anali oona. M'mawa mwake anagwira tambala wawo wamkulu, natenga Yona, napita kwa a Simeon. Onse awiri anagwada pabwalo, fumbi lili m'maondo. Yona anapepesa, nalonjeza kuti nyimboyo sadzaiimbanso. A Simeon analandira tambalayo, namukweza m'mwamba kuona kulemera kwake, napatsa mkazi wawo wamkulu kuti akamumange. Anati iwo alibe mangawa ndi mwana wa mng'ono wawo. Vuto linali lakuti kalata inali itapita kale ku boma, popeza tcheyamani akamva chinthu chotere nkukhala chete, mlandu umasanduka wake.

NyaHarawa anauza Yona kuti athawire ku Zambia kwa amalume ake, njira ya ku Hewe siitali. Yona anakana. Anati wothawa ndiye wavomera, ndipo akathawa apolisi adzatenga bambo ake m'malo mwake. Masiku otsatirawo ankapita ku ntchito monga mwa nthawi zonse. M'chigafa munalibe amene ankalowamo.

Lolemba m'mawa Landirova inaima pasukulu. Munatuluka apolisi awiri ndi mkulu wina wa chipani wa ku boma, munthu wonenepa wa kuchigawo chapakati amene Chichewa chake chinali chakwawo. Mudzi wonse unaitanidwa. Ana anatulutsidwa m'kalasi, mabenchi nkuikidwa pansi pa mtengo wa mkuyu. Mkuluyo anati iye saweruza nyimbo imene sanaimve, choncho anyamatawo aimbe monga anaimbira tsiku la mpira.

Anayiwo anaima pamzere. Panalibe woliza zala. Laws anapereka liwu loyambira, ndipo nthawi imeneyi sanathamange. NyaHarawa, ali pakati pa amayi pamphasa, anadzipeza akuwerenga mpweya wawo. Palibe anakweza mapewa, palibe anakuwa. Mawu a Hezron anayala pansi, a Laws ndi a Horace nkukhala pamwamba pake, ndipo Yona atakwera yekha, ngakhale wapolisi wina anaweramitsa mutu. Anali asanaimbepo bwino chotero. Atamaliza panalibe woomba m'manja.

Mkulu uja anati anyamatawo ali ndi mphatso, ndipo nzachisoni. Anafunsa amene anapeka mawuwo. Laws ndi Hezron anati iwo anangopatsidwa mizere yawo. Atafika pa Horace, mnyamatayo anayang'ana bambo ake, kenaka anayang'ana mayi ake, nanena motsitsa kuti iye sanapeke kanthu. Yona anamuyang'ana nthawi yaitali, koma sanamutsutse. Anati anapeka yekha, ndipo nyimboyo ikunena nkhani ya m'banja mwawo.

"Nkhani ya m'banja," anabwereza mkuluyo. "Mutu wa banja la mwana ameneyu ali pano? Bambo, imirirani. Inu mumagwira ntchito ya boma, simunganame. Nkhalamba ya m'nyimboyi ndi ndani?"

A Pearson anaimirira, chipewa chili m'manja. NyaHarawa anawayang'ana monga sanawayang'anirepo pa zaka zonse za ukwati wawo. A Pearson anayang'ana nsapato zawo.

"Bwana, ine za nyimbo sindizidziwa. Ndinamuletsa kuyambira pachiyambi."

Anakhala pansi. NyaHarawa anayamba kudzuka, koma wina anawatsogolera. Anali Dora. Mayi ake anamukoka chitenje, iye nkuchimangitsa. Mawu ake anamveka mpaka kumbuyo.

"Chimanga chosakhwimacho ndine. Nkhalambayo ndi a Simeon Luhanga, amene akufuna kunditenga ine ndisakufuna. Aliyense wakhala panoyu akudziwa. Tsiku la mpira munaseka nonse, munkaseka yani?"

Wina kumbuyo anatsokomola. Mkulu wa ku boma anayang'ana a Simeon kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo pakamwa pake panaoneka ngati pakufuna kuseka. NyaHarawa anaona kuti munthuyo wamvetsa zonse, mtima wawo nkuyamba kutsika. Iwonso anaima nachitira umboni kuti anaphunzitsa nyimboyo ndi iwo, ndipo akudziwa tsiku ndi chifukwa chimene inapekedwera.

Mkuluyo anapukuta thukuta pakhosi ngakhale kunali kozizira. Anati wamva. Koma ngati mtsikanayo akunena zoona, ndiye kuti Yona anaimirira pamaso pa anthu natcha tcheyamani wa chipani nkhalamba yopanda mano, ndipo wonyoza tcheyamani wanyoza amene anamuika pampandopo. Ngati mtsikanayo akunama, mlanduwo ndi wokulirapo. Anatsitsa mawu polankhula ndi NyaHarawa, ngati akuwapempha.

"Mayi, kalata inalembedwa, ndipo ena aiwerenga kale. Nkhani yotere ikatchulidwa sithera pansi pa mtengo. Ndikabwerera chimanjamanja, mawa wokwera kumbuyo kwa galimotoyi ndine."

Yona anamukweza m'galimoto momwemo, ndi malaya a kuntchito, utuchi udakali m'matumba. Anapempha kuti atsanzike mayi ake, wapolisi nkumulola. Anangowauza kuti pa benchi lake ku boma pali chitseko cha munthu chosamaliza, wina akamuuze mwini wake. Galimoto inanyamuka, anthu nkumwazikana mwachangu, aliyense kupewa kuyenda pafupi ndi NyaHarawa.

Masiku anayi otsatizana NyaHarawa anayenda wapansi kupita ku boma ndi chakudya m'kambale. Masiku atatu oyamba chakudyacho chinalandiridwa pakhomo, koma mwanayo sanamuone. Tsiku lachinayi wapolisi uja amene anaweramitsa mutu tsiku la mlandu anawatengera pambali nawauza kuti asavutikenso. Yona anali atatumizidwa kummwera, ndipo milandu yotere ilibe khoti, ilibenso tsiku lotulukira. Pobwerera anadutsa pa holo. Pakhoma panali pepala la mpikisano, ndipo m'katimo gulu lina linkayeserera.

Kunyumba anapeza a Simeon atakhala pakhonde ndi mng'ono wawo. Anabwera kudzapepesa. Anati mtima wawo ukuwawa chomene, popeza Yona ndi magazi awo, ndipo ali ndi anthu odziwana nawo amene angathe kulankhula mawu abwino nthawi ikakwana. Chofunika tsopano ndi chakuti akuluakulu aone kuti banja la a Luhanga ndi logwirizana, lopanda mtima woukira. Loweruka ng'ombe za malowolo zikupita kwa makolo a Dora, ndipo palibe woyenera kuziperekeza kuposa mng'ono wawo weniweni.

NyaHarawa anadutsa osapereka moni. Mlendo atapita, a Pearson anawatsatira kukhitchini. Anayamba kufotokoza kuti akakana, a Simeon sadzalankhulira mwanayo, ndiponso ntchito ikhoza kutha, ndiye adzamuthandiza ndi chiyani akadzatuluka. Analankhula nthawi yaitali. Penapake mawu anawathera, nayamba kulira, munthu wamkulu, ataima pakati pa miphika. NyaHarawa sanawatonthoze, sanawanyozenso. Anafunsa funso limodzi lokha, ngati iwo akukhulupirira kuti mkulu wawoyo adzalankhuladi. A Pearson anapukuta misozi natuluka panja.

Lachisanu Dora anakumana ndi NyaHarawa kumtsinje. Tsaya lake linali lotupa. Anati bambo ake amuuza kuti atatha kuchititsa manyazi tcheyamani pagulu, njira yokhayo yopulumutsira banja lawo ndi kulowa m'nyumba mwake. Anafunsa ngati Yona anasiya mawu alionse a iye. NyaHarawa anafuna kunama, koma analephera. Anamuthandiza kusenza ndowa, naima kumuyang'ana mpaka anakwera chitunda.

Loweruka kunacha ndi mphepo. A Pearson anavala jekete lawo la kutchalitchi, napukuta nsapato. Ng'ombe zinafika pakhomo dzuwa litakwera pang'ono, zisanu, zonenepa, zikununkhiza mpanda. NyaHarawa anali akusesa pabwalo. Amuna awo atatenga ndodo, iwo anaimika tsache.

"A Luhanga, mukafika kutsidyako mukawauze kuti asaone ngati malowolowo achepa. Mukati ng'ombe nzisanu, koma kunyumba kwanu mwaonjezapo mwana wamwamuna."

A Pearson anaima chilili. Ng'ombe yakutsogolo inapatuka niyamba kudya masamba a chinangwa m'mphepete mwa njira, zinazo nkuitsatira. Kwa kanthawi zinaoneka ngati mwina aponya ndodoyo pansi. Kenaka mawu a a Simeon anamveka kuchokera kumtunda, akufunsa chimene chikuwachedwetsa. A Pearson anakoka chipewa mpaka m'maso, namenya ng'ombe ija pamsana, ndipo gulu lonse linatsetserekera kumtsinje, iwo akutsimphina pambuyo pake.